Sigma, Tamron kapena kudikira lenzi ya mzere wofiira? Ojambula a ku Chigwa cha Shire akambirana

Wa ku Nchalo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Canon 600D ndipo lenzi yanga ndi ija yobwera ndi kamera, 18-55. Panja masana imagwira bwino, koma ndikangolowa m'tchalitchi kapena m'holo nthawi ya perekaniperekani, zithunzi zambiri zimatuluka mbuu, anthu ovina manja osaoneka. Ndasungako kandalama, komanso mlamu wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg mu Disembala, ndiye atha kundigulira. Ndikuganizira zitatu: Yongnuo 50mm f/1.8 yatsopano, 17-50mm f/2.8 ya Sigma kapena Tamron yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena ndilimbe mtima chaka china kuti ndidzagule Canon 24-70 ya mzere wofiira, ija ya gulu la malenzi odula a Canon otchedwa L. Anzanga ena akuti malenzi a makampani enawa n'kutaya ndalama. Zoona zake ndi ziti?

Wa ku Dyeratu: Tengani 50mm achimwene. Ndi yotchipa, ndipo kumbuyo kwa munthu kumasungunuka bwinobwino. Makasitomala masiku ano akufuna zimenezo.

Mayi a situdiyo ku Ngabu: Ndisanayankhe, ntchito zanu zambiri ndi zotani? Ndipo kanema mumajambulanso ndi kamera yomweyo?

Wa ku Nchalo: Maukwati, zinkhoswe, ma send-off ndi makwaya, mayi. Kanema ndimajambula pang'ono, makamaka makwaya akafuna kaduka koika pa Facebook.

Mayi a situdiyo ku Ngabu: Ndiye 24-70 muichotse kaye m'mutu, ndipo chifukwa chake si mtengo wokha. Lenzi imeneyo anaipangira makamera a sensa yaikulu, otchedwa full frame. Sensa ya 600D ndi yaing'ono, choncho nambala iliyonse yolembedwa pa lenzi muziichulukitsa ndi 1.6. Ndiye kuti 24mm pa kamera yanuyo iziona ngati 38mm. Mudzati mujambule akuchimuna ndi akuchikazi onse pamodzi kutsogolo kwa guwa, mudzabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, azakhali akumapeto osalowabe. Mudzakhala mutalipira ndalama zambiri kugula galasi lomwe mbali yake ina kamera yanu siyikuligwiritsa ntchito n'komwe.

50mm nayo iziona ngati 80mm. Pojambula nkhope ya mkwatibwi ndi yokoma zedi, sindikutsutsa achimwene a ku Dyeratu. Koma pa chinkhoswe cha pakhonde, anthu atadzaza mpaka m'mphepete mwa mpanda, simungagwire nayo ntchito yonse.

Vuto lanu lenileni ndi kuwala. 18-55 mukaikoka kufika pa 55mm imakhala pa f/5.6, ndipo nambala ya f/ ikakula, kuwala kolowa kumachepa. Lenzi ya f/2.8 imalowetsa kuwala kuwirikiza kanayi, ndipo 17-50 imakhala pa f/2.8 kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pamene panopa mukujambula pa 1/30 ya sekondi, mudzajambula pa 1/125 osakweza ISO, ija ikakwera kwambiri chithunzi chimachita mchenga. Apa ndi pamene pamasiyana manja ooneka ndi manja osaoneka. Musanamizidwenso ndi zilembo za IS, OS kapena VC. Zimenezo zimathandiza kunjenjemera kwa manja anu, sizimuimitsa munthu amene akuvina.

Madala a ku Nsanje Boma: Mayi alankhula zoona pa nkhani ya 24-70 ndi sensa yaing'ono. Koma mwana wanga wa ku Nchalo, usachoke pano ndi maganizo akuti malenzi onse ndi amodzi, kuti ife amene tinagula okwera mtengo tinalipira dzina basi.

Ine ndinayamba ntchitoyi nthawi ya filimu, tikumatumiza mafilimu ku Blantyre kuti akatsuke, n'kumadikira masiku mtima uli m'mwamba osadziwa ngati ukwati wa eni ake watuluka. Nthawi imeneyo inandiphunzitsa kuti chimene wojambula amagulitsa ndi kudalirika. Mphete ikamalowa kuchala, palibe m'busa amene amabwereza chifukwa lenzi yako imasakasaka fokasi. 70-200mm f/2.8L yanga ikaloza diso la munthu imagwira pomwepo, kaya m'tchalitchi magetsi athima, kaya mkwati akuyenda kubwera kwa ine. Ndikhoza kuima kumbuyo kwenikweni osasokoneza mwambo, n'kujambula misozi ya mayi ake a mkwatibwi iwo osadziwa.

Taonanso mtundu wake. Canon sanaipake utoto woyera chifukwa chokongoletsa, amafotokoza okha kuti n'cholinga choti isamamwe kutentha kwa dzuwa. Ukagwira lenzi yakuda itakhala padzuwa la Okutobala kuno ku Nsanje umvetsa.

Chomaliza ndi ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasunga ndalama kubanki analira, koma lenzi yangayi mtengo wake umayendera dola. Ndikafuna kugulitsa lero, wogula apezeka ku Blantyre sabata isanathe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi a situdiyo ku Ngabu: Madala, ulemu wanu, ndipo zithunzi zanu za maukwati tonse timazidziwa. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. 70-200 f/2.8L IS III yatsopano ndi madola opitirira 2,000. Tamron 70-200 f/2.8 G2, yomwe inatuluka mu 2017, inayambira pa madola pafupifupi 1,300. 17-50 yakale imapezeka pa mazana ochepa chabe. Mnyamatayu awerengere yekha kuti pa mitengo yomwe anthu a ku Nchalo, Sorjin kapena Miseu Folo amalipira, ndi maukwati angati omwe angabweze madola 2,000. Ndipo chaka chomwe akudikiracho maukwati sadikira, zithunzi zizingotulukabe mbuu, makasitomala n'kumapita kwa ena.

Funso lina n'lakuti zithunzizo zimakathera kuti. Zambiri zimapita pa WhatsApp, yomwe imazichepetsa pokhapokha mutatumiza ngati document. Zina pa Facebook. Zotsukidwa ndi za 4x6 za mu alubamu, ndi chimodzi chachikulu cha pakhoma. Pa foni ya kasitomala, palibe amene angaloze kuti ichi ndi cha Sigma, ichi ndi cha mzere wofiira.

Ndipo kudalirika kumene mukunenako, kwa ine kumayambira pa kamera yachiwiri. Lenzi ingakhale ya madola angati, bodi, kamera yeniyeniyo, ikafa pakati pa ukwati ntchito yathera pomwepo. Ine ndikanakhala mnyamatayu ndikanagula 17-50, fulashi yabwino yotheka kuloza kudenga, mabatire ena awiri, n'kuyamba kusungira bodi yachiwiri.

Madala a ku Nsanje Boma: Za bodi yachiwiri ndavomera mayi. Za foni sindivomera. Lero akuonera pa foni, koma mwana wawo adzafuna kukulitsa chithunzi chimenecho makolo atapita.

Wa ku Dyeratu: Koma madala, zithunzi za Sigma sizikulitsidwa kodi? Ine ndaonapo za 35mm Art zili pa chikwangwani chachikulu ndithu.

Mmisiri wa makamera ku Limbe: Ndilowererepo, popeza malenziwa ndimawaona m'kati, komanso kwathu ndi ku Chikwawa konko, nyengo yake ndikuidziwa.

Cholakwika chachikulu pa nkhaniyi n'kuika makampani onse m'thumba limodzi. Tamron ndi kampani ya ku Japan yomwe inayamba mu 1950. Sigma inayamba mu 1961, ndipo malenzi ake amapangidwa pa fakitale yake ku Aizu, ku Japan komweko. Kuyambira mu 2012, pamene anatulutsa 35mm f/1.4 Art, ojambula akuluakulu kunjaku anayamba kugula Sigma mwadala, osati chifukwa chosowa ndalama. Pa kuoneka bwino kwa chithunzi, malenzi a Sigma Art ndi a Tamron G2 amapikisana ndi a Canon ndi Nikon popanda manyazi. Tsono pali gulu lina la malenzi otchipitsitsa, ngati Yongnuo, Meike, 7Artisans ndi TTArtisan a ku China. Amenewa ali ndi malo awo, makamaka kwa wophunzira, koma ambiri a 7Artisans ndi TTArtisan fokasi yake ndi yapamanja, ndipo kapangidwe ka gulu lonseli n'kopepuka. Viltrox ndi Samyang ali chapakati ndipo akukwera msanga.

Ndalama zambiri pa lenzi yodula zimagula zinthu izi: mota ya fokasi yachangu ndi yachete, thupi lachitsulo m'malo mwa magiya a pulasitiki, timalabala totchinga fumbi ndi madzi, ndi utoto wa pagalasi wothandiza pamene dzuwa likuwomba kutsogolo. Apa madala akunena zoona. Koma kukongola kwa chithunzi pa f/4 kapena f/5.6, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti muyenera kukulitsa pa kompyuta kuti mukuone.

Pa 50mm, ine ndingalangize Canon EF 50mm f/1.8 STM ya 2015. Itangotuluka mtengo wake unali madola pafupifupi 125, kumbuyo kwake ndi kwachitsulo, ndipo mota yake siyisokosa kwambiri. Apa orijino ndi yotchipa kale, ndiye ndalama yomwe mungapulumutse pogula ina ndi yochepa.

Wa ku Nchalo: Zikomo amisiri. Nanga pakati pa Sigma 17-50 ndi Tamron 17-50?

Mmisiri wa makamera ku Limbe: Tamron zilipo ziwiri, yopanda VC ndi ya VC. Yopanda VC ija galasi lake anthu amaliyamikira, koma mota yake imamveka, ndiye pojambula kwaya maiki a pa kamera adzaitola. Sigma 17-50 EX DC OS HSM ndi yachete pang'ono ndipo ili ndi OS, yomwe pa kanema wogwira pamanja imathandiza. Popeza mwati makwaya, ndingatsamire ku Sigma. Canon nayo ili ndi EF-S 17-55mm f/2.8 IS USM, yabwino kwambiri, yopangidwira makamera ngati anuwo, ilibe mzere wofiira koma mtengo wake ndi wokwererapo. Mlamu wanu akaipeza yakale pa mtengo wabwino asaisiye.

Chenjezo limodzi lofunika. Pa makamera a DSLR ngati anuwo, okhala ndi kalilole m'kati, fokasi imayezedwa ndi kasensa kena kapadera, osati sensa yojambulira. Lenzi ndi bodi zikapanda kugwirizana bwino, mumaloza diso koma fokasi n'kugwera pa khutu kapena pa mphuno. Pa f/5.6 simuona, pa f/2.8 ndi f/1.8 zimaonekeratu. Makamera ngati 7D, 70D, 80D ndi 5D Mark III ali ndi malo okonzera zimenezi mu menyu. 600D, 700D, 1300D ndi 2000D alibe. Malenzi atsopano a Sigma amakonzeka ndi kachipangizo kotchedwa USB Dock, a Tamron ndi TAP-in Console, koma ma 17-50 akalewa salowa m'gulu limenelo. Choncho lenzi yogula kutali osaiyesa pa bodi yanu ndi juga pang'ono. Mlamu wanu agule m'sitolo yopereka lisiti ndi masiku obwezera, ndipo ikangofika muiyese tsiku lomwelo iwo asanabwerere.

Wa ku Bangula: Pepani ndilowetseko langa. Ine ndili ndi Nikon D3200. Wina akugulitsa Nikon 50mm f/1.8D motchipa, ndi orijino. Nditenge?

Mmisiri wa makamera ku Limbe: Ayi achimwene, pokhapokha ngati mukufuna kumazungulitsa fokasi ndi dzanja. Lenzi ya D imeneyo imadalira mota ya mu bodi, ndipo D3200, monga ma D3000 ndi D5000 onse, ilibe mota imeneyo. Funani 50mm f/1.8G, kapena 35mm f/1.8G DX yomwe pa kamera yanu ndi yosavuta kugwiritsa ntchito m'nyumba. Mukamagula Sigma yang'anani zilembo HSM. Pa Tamron yakale funsani ngati ili ndi mota m'kati, chifukwa zoyambirira za Nikon zinalibe.

Wa ku Bangula: Takhuta amisiri. Ndikanalipira mawa.

Wotsogolera alendo ku Majete: Ine maukwati sindijambula, koma nkhani ya yotchipa ndi yodulayi ndimaiona ndi maso tsiku ndi tsiku. Alendo ena amabwera ndi 600mm f/4, lenzi ya madola opitirira 12,000, yolemera makilogalamu atatu. Ena amabwera ndi Sigma kapena Tamron 150-600mm ya madola cha m'ma 1,000, yolemera pafupifupi makilogalamu awiri. Ine ndili ndi 150-600.

M'mawa kwambiri dzuwa lisanatuluke bwino, yodula imapambana, palibe kukangana. 150-600 ikafika pa 600mm imakhala pa f/6.3, pamene inayo ili pa f/4, ndiye kuti ikulowetsa kuwala kuwirikiza kawiri ndi theka. Ku Lengwe n'kumene zimaonekera kwambiri, chifukwa nyala zimakonda m'zitsamba zothithikana momwe muli mdima, ndipo zimatulukira kudziwe mosamala. Kambuku madzulo n'chimodzimodzi. Pamenepo ine ISO imakwera mpaka chithunzi kuchita mchenga.

Koma ikangokwana cha m'ma 9 kapena 10 m'miyezi yotentha, nthaka ya kuno imayamba kutulutsa mpweya wotentha womwe umavinavina. Mukaloza njovu yomwe ili kutsidya la Shire, chithunzi chimatuluka chofewa, kaya lenzi ndi ya madola 1,000 kaya 12,000. Ndaonapo alendo akupukuta galasi mobwerezabwereza poganiza kuti lada, pamene vuto ndi mpweya womwe uli pakati pa iwo ndi nyamayo. Mankhwala ake n'kulawira ndi kuyandikira, osati kugula.

Ku Elephant Marsh, komwe kunalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, timayenda pa bwato. Mu bwato simungaimike thiraipodi, ndipo nkhwazi ikatsika kudzatola nsomba muyenera kutembenuka msanga. Zumu yopepukirapo imagwira ntchito kuposa chilenzi chachikulu. Mbalame ikayandikira ndimabweza pa 300mm, wa 600mm yosasuntha amangojambula phiko.

Ndikanakonda achinyamata a kuno ambiri akanamajambula nyama zathuzi. Chiyambire 2003 pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira Majete, zipembere, mikango ndi akadyamsonga zinabwezeretsedwa, koma zithunzi zambiri zomwe dziko limaona zimajambulidwa ndi alendo. Malenzi a 150-600 ndi amene atsegula khomo kuti ife eni dera tiyambeko.

Madala a ku Nsanje Boma: Mwamva nokha, m'mdima yodula imapambana. Tchalitchi cha malata opanda mawindo okwanira ndi mdima womwewo.

Mayi a situdiyo ku Ngabu: Madala, iwo akufanizira f/4 ndi f/6.3. Ife tikufanizira f/2.8 ndi f/2.8. Kuwala kolowa n'kofanana.

Madala a ku Nsanje Boma: Kuwala n'kofanana, koma liwiro la fokasi ayi. Tidzajambule ukwati umodzi, kenako tiwerenge zotaya.

Mayi a situdiyo ku Ngabu: Ndavomera. Wa Disembala woyamba ndikuitanani.

Wojambulira mabungwe, Chikwawa Boma: Ndikufuna ndiikire kumbuyo madala pa mbali imodzi. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndinalembedwa ntchito yojambula m'misasa ya anthu othawa madzi, mpaka ku East Bank komwe timafika pa boti. Mvula, matope, madzi olowa m'boti, ndipo palibe nthawi yobisa kamera chifukwa chimene wabwerera ndi chomwecho. Pa ntchito yotere lenzi yokhala ndi labala kumbuyo ndi bodi yotchingidwa bwino si zodzionetsera. Mnzanga amene tinali naye anali ndi kalenzi kotchipa kopanda chotchinga, tsiku lachiwiri kanachita nthunzi m'kati ndipo kanatha sabata kasanayere.

Koma mbali inayi mayi akulondola. Palibe bungwe linandifunsapo dzina la lenzi. Amafuna mafayilo athunthu, nkhope zooneka bwino, mayina olembedwa molondola ndi chilolezo cha anthu ojambulidwawo. Ndipo 24-70 f/2.8 yomwe ndimadalira pa ntchito zimenezi ndi Tamron G2, yomwe ili ndi zotchinga chinyontho komanso VC, pamene Canon EF 24-70 f/2.8L II ilibe IS. Ndiye kutchinga madzi sikulinso kwa mzere wofiira wokha.

Mmisiri wa makamera ku Limbe: Ndionjezere apa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti L iliyonse siyilowa madzi. Si choncho. 70-200mm f/4L yopanda IS ija ilibe zotchinga. Malenzi ena a L amafuna fyuluta kutsogolo kuti kutchingako kukwanire. Komanso lenzi yotchingidwa pa bodi yosatchingidwa ngati 600D, madzi alowera ku bodi.

Koma chimene chimapha malenzi a ku Chigwa si mvula ya tsiku limodzi. Ndi zitatu: fumbi, kutentha ndi chuku, ndipo sizisankha mtengo.

Fumbi: zumu iliyonse yomwe imatalika mukamaikoka imapopa mpweya kulowa ndi kutuluka. 17-50, 24-70, 150-600, zonsezi zimatero. 70-200 f/2.8 ya EF siyitalika, n'chifukwa chake imakhala yoyera nthawi yaitali. M'chilimwe, pa kabaza kapena panjinga yamoto m'misewu yafumbi, kamera ikhale m'chikwama chotseka, osati pakhosi. Inu a ku Nchalo muli ndi phulusa la nzimbe nthawi yodula. Musamasinthe lenzi panja mphepo ikuwomba, ndipo posintha kamera iyang'ane pansi. Timafumbi tochepa m'kati mwa lenzi sitioneka pa chithunzi, musawononge ndalama kutsegulitsa. Madontho akuda omwe mumaona kumwamba pa f/11 ndi fumbi la pa sensa.

Kutentha: mabuku a makamerawa amati azigwira ntchito pakati pa 0 ndi 40 digiri. Ku Ngabu ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala zimapitirira pamenepo, ndipo m'galimoto yotseka ndiye kuposa. Girisi wa m'kati amasungunuka n'kuyenderera pa timasamba ta aperture tomwe timakulitsa ndi kuchepetsa khomo la kuwala, kenako timamatirira, zithunzi n'kumatuluka zowala mopitirira. Chikwama chisakhale pa dashibodi kapena pafupi ndi injini ya minibasi pokwera Thabwa.

Chuku ndiye mdani wamkulu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, kutentha kukaphatikizana ndi chinyontho, chimamera m'kati mwa galasi, timizere toyera tanthambinthambi. Chikachedwa chimadya utoto wa pagalasi ndipo ngakhale nditsuke chipsera chimatsala. Ndatsegulapo malenzi a mzere wofiira ochita chuku chifukwa mwini wake amawakonda kwambiri, n'kuwasunga m'chikwama chachikopa m'wadiropu miyezi itatu. Lenzi yogwira ntchito sabata iliyonse, yoona kuwala ndi mpweya, siyichita chuku msanga.

Wa ku Dyeratu: Ndiye tizisunga bwanji amisiri? Ena amati mu mpunga.

Mmisiri wa makamera ku Limbe: Mpunga usiyeni, umangobweretsa fumbi ndi anankafumbwe. Pezani chidebe cha pulasitiki chotseka bwino chokhala ndi labala pachivundikiro, muikemo silica gel wambiri, makamaka wosintha mtundu akakhuta madzi. Akasintha mumamuumitsa pa moto wochepa n'kumugwiritsanso ntchito. Mukapeza kachipangizo koyeza chinyontho, muzionetsetsa kuti m'chidebemo muli pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Makabati amagetsi alipo, koma ndi kuthimathima kwa magetsi chidebe chimadalirika. Lenzi yomwe yachita kale chuku isagone limodzi ndi zinzake.

Wotsogolera alendo ku Majete: Chinanso, mukachoka m'chipinda chozizira cha air conditioner kutuluka panja, galasi limachita nthunzi nthawi yomweyo. Musapukute. Siyani kamera m'chikwama chotseka kwa kanthawi kuti itenthe pang'onopang'ono.

Wa ku Makhanga: Ine ndikufuna kufunsa za m'tsogolo. Aliyense akuti DSLR ikutha. Kodi kugula lenzi ya EF lero si kutaya ndalama?

Wojambulira mabungwe, Chikwawa Boma: Kwa ife ndi mwayi. Kunjaku anthu akusamukira ku mirrorless, makamera opanda kalilole m'kati, n'kumagulitsa malenzi a ma DSLR, a Canon EF ndi a Nikon F, ndiye akale akuchuluka pa msika. Ndipo lenzi ya EF imagwira pa makamera a Canon R kudzera pa adaputala ya EF-EOS R. Vuto la fokasi yogwera pa khutu lija limachepanso kwambiri, chifukwa mirrorless imayeza fokasi pa sensa yeniyeniyo. Malenzi ambiri a Sigma ndi Tamron amagwira pa adaputala, koma akale kwambiri fufuzani kaye dzina lake lenileni musanalipire.

Chofunika kudziwa musanasankhe mirrorless n'chakuti makampani sakutsegula khomo mofanana. Canon inatulutsa malenzi a RF a makamera ake a mirrorless mu 2018 ndipo kwa zaka zingapo sinalole ena kupanga malenzi a autofocus a RF, moti mu 2022 Viltrox inasiya kugulitsa ake. Mu 2024 ndi pamene Sigma ndi Tamron analoledwa, kuyambira ndi malenzi a masensa aang'ono, ngati Sigma 18-50mm f/2.8. Ku Sony E khomo linatseguka kale, n'chifukwa chake Tamron 28-75mm f/2.8 ya 2018 inagulidwa kwambiri ndi ojambula maukwati. Amene akuyamba kumene ndipo thumba ndi lopyapyala aganizire zimenezi, chifukwa bodi mumagula kamodzi koma malenzi mudzagula angapo.

Madala a ku Nsanje Boma: Mwana wanga wa ku Nchalo, ndaona kuti gulu lakukokera ku 17-50, ndipo pa kamera yakoyo sindikuletsa. Koma ukadzafuna lenzi yaitali, usathamangire 75-300 zotchipa zija. Funa 70-200 f/4L yakale. Ndi yopepuka, magalamu pafupifupi 700, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo panja pa zithunzi za kumunda wa maluwa kapena m'mbali mwa Shire udzaona wekha chimene ndikunena. Ukakhala ndi ukwati waukulu usanagule, bwera udzabwereke yangayi. Koma ubwere nayo wekha pobweza, osatumiza pa minibasi.

Wa ku Nchalo: Madala, ndathokoza kwambiri, ndidzabwera ndithu. Ndatsimikiza za Sigma 17-50, ndipo yotsalayo ndigula fulashi ndi chidebe. 50mm STM idzabwera ndikagwira maukwati a Disembala. Amisiri, mlamu wanga sadziwa za makamera. Ndimuuze aziyang'ana chiyani m'sitolomo?

Mmisiri wa makamera ku Limbe: Choyamba atsimikize kuti ndi ya Canon, chifukwa lenzi yomweyo iliponso ya Nikon, Sony ndi Pentax, ndipo sizilowana. Achotse zivundikiro zonse ziwiri, aunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, iye akuyang'ana kutsogolo. Timafumbi tochepa asadandaule nato. Timizere tanthambi kapena chifunga m'kati, aisiye ngakhale atsitse mtengo. Galasi lakumbuyo lisakhale lokalika, chifukwa kukalika kwa kumbuyo kumaoneka pa chithunzi kuposa kwa kutsogolo. Azungulitse zumu kuchokera pa 17 mpaka 50, iyende mosakakamira. Ayang'ane timasikuluwu takumbuyo, tikakhala tokalika ndiye kuti inatsegulidwapo, afunse chifukwa chake. M'mphepete momangira fyuluta mukakhala mopindika, inagwapo.

Kenako apemphe wogulitsa aiike pa kamera ya Canon, ajambule pa 17mm, 35mm ndi 50mm, pa f/2.8 komanso pa f/11. Kamera ikalemba Err 01, ndiye kuti lenzi ndi bodi sizikumvana. Nthawi zina ndi tizitsulo tagolide takumbuyo tomwe tada, koma zikamachitika pa malo amodzi a zumu okha kapena pa f/11 pokha, ndi kachingwe ka flex ka m'kati komwe kayamba kuduka, ndipo zipangizo zake kuno timachita kuitanitsa. Zithunzi zoyeserazo akutumizireni ngati document kuti muzikulitse nokha.

Mayi a situdiyo ku Ngabu: Hudi, ija yotchinga dzuwa kutsogolo kwa lenzi, asaiwale. Ambiri ogulitsa zakale amaichotsa, koma ndi dzuwa la kuno ndi yofunika kuposa fyuluta. Kukula kwa fyuluta ya Sigma imeneyo ndi 77mm, ngati angafune kugula. Ndipo ngati mlamu wanu ali ndi malo m'chikwama, atitengereko silica gel wa kilogalamu imodzi, tidzagawana mtengo.

Wa ku Bangula: Inenso mundiwerengere pa silica gel.

Wa ku Makhanga: Ndi ine. Kuno mvula ikayamba chilichonse m'nyumba chimachita chuku.

Wa ku Nchalo: Ndamuuza, wavomera makilogalamu awiri. Amene mukufuna lembani pano Lachisanu lisanafike kuti ndimutumizire chiwerengero.